Masamba a pa seva ya pasukulu akakana kutseguka

Aphunzitsi, mwafunsa chifukwa chake masamba a maphunziro akutseguka pa seva pokha (kompyuta yomwe imasunga masambawo), osati pa makompyuta ena pasukulu panu ku Chipata. Musawononge ndalama pa mabandulo, intaneti sikufunika apa. Chachikulu n'chakuti makina onse alumikizidwe ku rauta imodzi, kachipangizo kolumikiza makompyuta pamodzi.

Ndikuganiza kuti mukulemba localhost mu browser (pulogalamu yotsegulira masamba) ya makompyuta enawo. Dzina limenelo limaloza kompyuta yomwe mwakhalapoyo basi. Pa sevayo, ngati ndi ya Windows, tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, muone nambala ya IPv4, yomwe ndi adiresi ya sevayo, monga 192.168.1.10. Imeneyo ndiyo muzilemba mu browser ya makompyuta enawo, mutayamba ndi http://.

Zikakanikabe, onani firewall ya pa sevayo (pulogalamu yoteteza yomwe imatha kutchinga makompyuta ena), mutsegule port 80, khomo lomwe masamba amadutsira. Chinanso, malaiti akapita n'kubwera, rauta ikhoza kusintha nambalayo, ana n'kusowa pogwira. Choncho ipatseni sevayo nambala ya IP yosasintha.