Yankho kwa achemwali pa nkhani yosambira

Achemwali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndiyankhe pagulu pompano kuti alamu amve nawo, chifukwa nkhaniyi ikukhudza tonse amene tikupita ku Mangochi pa Khirisimasi. Mwafunsa ngati munthu wa msinkhu wanu angaphunzirebe kusambira, komanso ngati mungawagulire ana timatayala topopa tija tovala m'mikono kuti azikasewera m'nyanja.

Eya, mukhoza kuphunzira ndithu, msinkhu si vuto ayi. Chimene chimasokoneza akuluakulu ndi mantha. Munthu akachita mantha thupi limauma gwa, amatukula mutu kufuna mpweya, ndiye mutu ukakwera miyendo imatsika, basi wayamba kumira. Choncho tsiku loyamba musaganizeko za kupalasa manja kapena miyendo. Mulowe mbali yosaya, pamene madzi akulekeza m'chiuno, mugwire khoma. Mukoke mpweya ndi pakamwa, muviike nkhope m'madzi, muziutulutsa pang'onopang'ono ndi mphuno mpaka thovu liziti bwibwibwi. Muvuuke, mukoke wina, mubwereze. Ambiri amausunga mpweyawo m'chifuwa ali pansi pa madzi, ndiye akavuuka amafuna kutulutsa ndi kukoka nthawi imodzi, m'pamene amatsamwa n'kumwa madzi. Komanso mphuno ikamatulutsa mpweya, madzi salowamo. Ngakhale tsiku lonse litathera pamenepo, musadandaule, ntchito mwaigwira.

Kupumako kukakhazikika, pabwere kuyandama chagada. Apa mumvetsetse, achemwali, chifukwa kwa ine ichi ndiye chachikulu kuposa zonse. Mapapo akadzaza mpweya amalinyamula thupi. Mugone chagada pamadzi, makutu alowe m'madzi, maso kumwamba, manja mutambasule, mimba muikankhire m'mwamba. Wina aike chikhatho kunsana kwanu, azichotsa pang'onopang'ono mukamamasuka. Makutu akalowa m'madzi phokoso lonse limazima, ndiye poyamba mtima umagunda, koma zimazolowereka. Munthu wodziwa kuyandama akatopa pakati pa madzi amangotembenuka n'kupumula, amatha kukuwa kuitana anthu. Muphunzirenso kuimirira kuchokera pamene mwayandama: mawondo kuchifuwa, manja akankhe madzi, mapazi pansi, kenako mutu udzuke. Anthu amamwa madzi pamalo ofika m'chiuno chifukwa chosadziwa zimenezi.

Miyendo ibwera pambuyo. Izimenya kuchokera m'chiuno, mawondo osapinda kwambiri, mapazi omasuka. Manja ndiwo omaliza, amenewo akakusonyezani mphunzitsi, pafoni sizimveka.

Za malo, muno mu Blantyre swimming pool ilipo ku Blantyre Sports Club, ndiponso kumahotela ngati Mount Soche ndi Ryalls. Muimbe kaye mufunse za malipiro, mufunsenso ngati pamakhala munthu wophunzitsa komanso woyang'anira osambira. Ino ndiyo nyengo yake, kukutentha, madzi ali bwino. Mu June ndi July kukagwa chiperoni simungapirire m'madzimo. Mphindi 30 zikwana, koma muzipita pafupipafupi, thupi limaiwala mukatalikitsa. Chitenje musalowe nacho, chimalemera n'kukulunga miyendo. Valani tayiti ndi malaya okugwirani thupi, chipewa chosambirira chifukwa cha tsitsi, ndi magalasi osambirira, poti mankhwala a chlorine amawawa m'maso.

Ku mitsinje ya Mudi, Naperi kapena Likhubula ayi, chonde, ana muwauzitse. Madziwo ndi akuda, pansi pali miyala ndi maenje osaoneka, ndipo mvula ikagwa kumtunda mtsinje umadzaza mwadzidzidzi kuno kuli dzuwa. Tonse tinaona mu 2023 nthawi ya namondwe Freddy mmene madzi anachitira ku Chilobwe ndi madera a m'mphepete mwa phiri la Soche. Madzi othamanga otere ngakhale katswiri sawasambira.

Tsopano za anawo. Timatayala timeneto ndi toseweretsa chabe, timaphwa, timavuka mwana akakweza manja, ndiye choopsa chake n'chakuti kholo limatayirira poganiza kuti mwana ndi wotetezeka. Mukagula gulani, koma wamkulu akhale m'madzi momwemo, pafupi moti atatambasula dzanja amugwira. Mwana akamamira sakuwa, achemwali. Pakamwa pamakhala pakulimbana ndi mpweya, amangolowa phee, anthu ali pompo akucheza. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 300,000 amafa chaka chilichonse pa dziko lonse chifukwa chomira, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse ndi mwana wosakwana zaka 5. Ndiye tikakafika kunyanja tizikagawana: amene akuyang'anira ana foni aike pansi, asamawotche nyama, asamajambule, akatopa auze mnzake pomutchula dzina kuti tsopano ndi iweyo. Ngakhale pakhomo pano, madiramu ndi mabeseni amene timasungiramo madzi aja tizivindikira, kamwana kokwawa kakagweramo chamutu sikatha kudzitulutsa.

Chinanso, nyanja si swimming pool. Mu pool muli khoma logwira, pansi mukupaona, kuya kwake kunalembedwa pambali. Nyanja ya Malawi kumpoto kwake imaya pafupifupi mamita 700, ndipo ngakhale m'mphepete, mchenga umatha kutsetsereka mwadzidzidzi. Mu December mphepo ya mvula imadzutsa mafunde nthawi yochepa. Choncho inuyo, ngakhale mutaphunzira bwanji pofika Khirisimasi, musakapitirire pamene madzi afika m'chiuno, ndipo muzikasambira motsata gombe, osati kulowera pakati. Tikafunse eni ake a kumeneko malo abwino, iwo ndi amene amadziwa kumene kumapezeka ng'ona ndi mvuu. Malo a mabango ndi madzi odikha tiwapewe, ndi kumene kumachuluka nkhono zofalitsa likodzo. Tikabwerako, pakatha masabata angapo, ndi bwino tonse kukayezetsa kuchipatala, makamaka wina akaona magazi m'mkodzo. Mankhwala ake alipo, praziquantel. Tikakwera boti, aliyense avale life jacket, jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, yomukwana, yomanga bwino, akulu ndi ana omwe.

Alamu, izi ndikunena mwaulemu kwa abambo nonse: amene walawako mowa asalowe m'madzi, ndipo asakhale woyang'anira ana. Komanso wina akamamira, musadziponyemo ngati simunaphunzire kupulumutsa munthu, chifukwa womira amagwira mwamphamvu n'kukukokerani pansi nonse awiri. Mukuwe, mumupatsire nsungwi kapena chingwe inu mutagona pansi kumtunda, kapena mumuponyere chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chimayandama ndipo akhoza kuchikumbatira. Tikatenge zigubu ziwiri m'galimoto za ntchito imeneyi.

Ndiye achemwali, Loweruka likubwerali m'mawa ndili ndi mpata. Inu imbani mufunse malowo, mundiuze kumene mwasankha, ndidzakupezani komweko. Tsiku loyambali ana atsale kunyumba kuti mtima wanu ukhale pa kupuma kokha, ndidzalowa nanu m'madzimo ndi kukugwirani kunsana. Anawo tidzayamba nawo sabata inayo. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.