Kuphunzitsa ana aang'ono pakhomo: mwafunsa, tayankha

Makalata a mwezi uno achokera kwa makolo omwe asankha kuphunzitsa okha ana awo pakhomo, makamaka ana a zaka 4 mpaka 8. Akuyankha ndi aphunzitsi a makalasi oyambirira omwe amathandiza tsamba lino.

Funso: Mwana wanga ali ndi zaka 6. Ndimamukhazika patebulo kuyambira 8 koloko mpaka 1 koloko monga amachitira kusukulu, koma ikamakwana 10 koloko iye amakhala akulira, ine nditapsa mtima. Ndikulakwitsa pati? — Mayi wa ana awiri

Yankho: Mayi, maola asanuwo achulukitsa. Kusukulu tsiku limatalika chifukwa mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana ambiri, ndipo nthawi yochuluka imathera poitana mayina, kugawa makope, kuchonga ndi kudikira omwe atsalira. Inu muli ndi mwana mmodzi pambali panu, mukuona nthawi yomweyo pamene wamva ndi pamene wasokonezeka. Kwa msinkhu umenewu, ola limodzi kapena ola ndi theka lokhala pansi ndi lokwanira, ndipo nalonso liduleni mzidutswa.

Mphunzitsi wa ku Britain, Charlotte Mason, yemwe anamwalira mu 1923, ankalimbikitsa kuti phunziro la mwana wamng'ono lisamapitirire mphindi 20, ndipo ife tikugwirizana naye. Yambani ndi kuwerenga, mphindi 15, mwana asanatope. Kenako alembe mzere umodzi kapena iwiri mosamala, mphindi zisanu basi. Zala za mwana zimatopa msanga, ndipo tsamba lathunthu la malembo okhotakhota limangomuzoloweretsa kulemba moipa. Adzuke, adumphe chingwe, amwe madzi. Masamu atenge mphindi 15, akatero akasewere panja theka la ola. Pobwera mumuwerengere nkhani mokweza, ndime imodzi kapena ziwiri, mutseke buku, iye akufotokozereni m'mawu akeake zomwe wamva. Musamudule pakamwa pofuna kumukonza, chifukwa apa ndi pomwe mukuona zomwe zalowa m'mutu mwake. Masana asiyireni zojambula, kuimba, kuumba, tintchito tapakhomo ndi masewera.

Mwana wamng'ono samva za wotchi, amamva zoti ichi chikatha pamabwera ichi. Jambulani zithunzi zisanu papepala, buku, pensulo, manambala, mpira, nkhani, mumate pakhoma kuti aziona yekha pomwe mwafika. Nthawi ikatha imani, ngakhale tsamba lisanathe. Onaninso za tulo: mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo misozi yambiri ya m'mawa imachokera kogona mochedwa.

Funso: Pa intaneti pali masilabasi ambirimbiri, aliyense akuti wake ndiye wabwino. Ndisankhe bwanji wa mwana wa zaka 5? — Bambo wina

Yankho: Bambo, musanagule kanthu, dziwani kaye zomwe lamulo la dziko lomwe mukukhala likunena. Ku Germany kuphunzitsa mwana pakhomo m'malo mwa sukulu n'koletsedwa. Ku Britain n'kololedwa. Ku South Africa kholo limayenera kulembetsa mwana ku boma, pomwe ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake. Pitani ku ofesi yoona za maphunziro mukafunse, ndipo mukapempheko silabasi ya boma ya kalasi ya mwanayo. Ngakhale musaitsatire yonse, idzakuthandizani tsiku lomwe mudzafune kumubwezera kusukulu.

Njira zotchuka ndi zingapo. Pali masilabasi ogula athunthu, omwe amabwera ndi mabuku a maphunziro onse komanso buku la mphunzitsi lonena chochita tsiku lililonse. Amapepukitsa kholo loyamba kumene, koma vuto lawo ndi lakuti amaika mwana pa kalasi imodzi m'zonse, pomwe mwana akhoza kukhala patsogolo pa masamu koma m'mbuyo pa kuwerenga. Njira ya Maria Montessori, yemwe anatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907, imadalira zipangizo zogwira m'manja, monga malembo okhakhala omwe mwana amasisita ndi chala komanso mikanda yophunzirira manambala. Ndi yabwino, koma imafuna kholo loti liphunzire kaye kasonyezedwe ka chipangizo chilichonse, apo ayi zimangosanduka zidole. Njira ya Waldorf, yomwe inayambira ku Stuttgart mu 1919, imachedwetsa dala kuwerenga mpaka mwana atayandikira zaka 7. Palinso maganizo a John Holt wa ku America, oti mwana azitsogolera yekha maphunziro ake potsata zomwe zamukopa. Imeneyi sitikulangizani pa kuwerenga ndi masamu, chifukwa maluso awiriwa amamangidwa mwandondomeko.

Maganizo athu ndi awa: ikani mtima ndi ndalama pa mabuku awiri okha, la kuwerenga ndi la masamu. Sayansi, mbiri ndi za chilengedwe pa msinkhu uwu zimalowa bwino kudzera m'nkhani zowerengeredwa ndi kuyenda panja.

Buku la kuwerenga litseguleni pakati muone. Kodi likuphunzitsa maliwu a malembo limodzilimodzi, kenako kuwaphatikiza kuti apange mawu? Kodi tinkhani take tili ndi malembo okhawo omwe mwana waphunzira kale? Ngati likuuza mwana kuti ayang'ane chithunzi n'kuganizira mawu ake, libwezeni pomwe mwalitenga. Mwana wophunzira motero amaoneka ngati akuwerenga, koma zithunzi zikatha m'mabuku a makalasi apamwamba amasowa pogwira. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa National Reading Panel anatsimikiza mu 2000 kuti kuphunzitsa maliwu mwandondomeko kumathandiza kwambiri ana oyamba kuwerenga. Ndipo ngati n'kotheka, ayambe m'chilankhulo chomwe amayankhula kale, kuti akatchula mawu azimva tanthauzo lake.

Pa masamu funani buku loyenda masitepe atatu monga achitira mabuku a ku Singapore: zinthu zogwirika, zithunzi, kenako manambala. Mwana aike timiyala 7, apatule 3, aone kuti patsala 4. Mawa ajambule timadontho. Chizindikiro chochotsera chibwere pomaliza. Ofalitsa ambiri ali ndi timayeso taulere toonera buku loyambira, ndiye tsatirani zotsatira zake osati zaka za mwana. Mukasankha, pitirizani miyezi itatu musanaganize zosintha. Buku lililonse lili ndi kasanjidwe kake, ndipo kudumphadumpha kumasiya mipata yomwe imadzaonekera mochedwa.

Funso: Ndikangoyamba kuphunzitsa wamkulu, wamng'ono wa zaka ziwiri amakwera patebulo n'kumang'amba makope. — Mayi wotopa

Yankho: Pepani mayi, koma vuto ili ndi lochepa. Yambani ndi wamng'onoyo: mphindi 10 muli naye pamiyendo mukumuonetsa buku la zithunzi, akhute kaye chikondi chanu. Mukonzereni katoni ya zinthu zomwe zimatuluka nthawi ya phunziro yokha, monga makapu olowetsana, mapepala akale ndi makrayoni aakulu, ndipo muzisintha zina sabata iliyonse. Pasakhale kanthu kakang'ono koti angameze. Phunziro lovuta kwambiri, lomwe kawirikawiri ndi la kuwerenga, lisungireni nthawi yomwe iye wagona masana. Foni isakhale mlezi. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2019 kuti ana a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuonera foni kapena kanema.

Funso: Mtsikana wanga wa zaka 6 ndi theka amasokoneza b ndi d, ndipo nambala 3 amailemba chogadamiza. Kodi ali ndi vuto? — Bambo wodandaula

Yankho: Bambo, mtima pansi. Kutembenuza malembo kumachitika kwa ana ambiri mpaka cha m'ma zaka 7. Kuyambira ali khanda, mwana amadziwa kuti kapu ndi kapu, chogwirira chake chiloze kumanja kapena kumanzere. Malembo ndiwo zinthu zoyamba zomwe zimasintha dzina zikatembenuka, ndiye ubongo umafuna nthawi kuti uzolowere.

Musaphunzitse malembo awiriwa pamodzi. Tengani b yekha kwa sabata ziwiri. Aziyamba pamwamba, atsike ndi mzere, akwere pang'ono, azungulize mimba kumanja, uku akutchula liwu lake. Alembe wamkulu m'mwamba ndi mkono wonse, kenako ndi chala pamchenga, pensulo pomaliza. Akakhazikika bweretsani d, yemwe amayambira kwina: mimba kaye ngati akulemba c, kenako mzere. Dzanja likazolowera mayendedwe awiri osiyanawa, maso amatsatira.

Chomwe chiyenera kukudzidzimutsani ndi china. Ngati patatha miyezi isanu ndi umodzi mukuphunzitsa tsiku ndi tsiku iye akulepherabe kumva liwu loyamba la mawu, kuphatikiza maliwu atatu, kapena amaiwala lero lembo lomwe analidziwa dzulo, kapimitseni maso ndi makutu. Zimenezo zikakhala bwino, funani katswiri wa ana ovutika kuwerenga amuyeze ngati ali ndi dyslexia (vuto lomwe limachititsa kuti kuphunzira kuwerenga ndi kulemba kuzivuta), makamaka ngati wina m'banjamo anavutikaponso. Vutoli silikhudza nzeru za mwana, ndipo thandizo loyamba msanga limagwira ntchito kuposa lochedwa.

Funso: Achibale akuti mwana wanga sadzadziwa kukhala ndi anthu, komanso ndilibe umboni woti akuphunzira. — Mayi wa mwana mmodzi

Yankho: Pa mfundo yoyambayo achibale anu musawanyoze, mayi. Mwana wa pakhomo sapeza anzake mwangozi, muyenera kumukonzera. Kawiri kapena katatu pa sabata azikumana ndi ana omwewomwewo, kaya ku mpira, ku kwaya kapena ndi mabanja ena ophunzitsa pakhomo, ndipo nthawi zina akhale pansi pa munthu wamkulu wina osati inu. Kumeneko ndi komwe amaphunzira kudikira nthawi yake, kugonja pa masewera ndi kugwirizananso ndi mnzake akakangana.

Za umboni, gulani kope limodzi lolimba. Tsiku lililonse lembani deti, masamba omwe mwachita, ndi chiganizo chimodzi cha pomwe anavutika. Mwezi ukatha sungani m'faelo pepala limodzi la zolemba zake ndi limodzi la masamu, mutalembapo deti. Kamodzi pa miyezi itatu mujambuleni pa foni akuwerenga mokweza kwa mphindi imodzi ndime yomwe sanaionepo, muwerenge mawu omwe watchula molondola, mulembe nambalayo m'kope. Faelo yomweyi ndi yomwe mudzapite nayo kwa mphunzitsi wamkulu akadzafuna kudziwa kalasi yomuyenera.