Amalume, makalata anu sanapite kulikonse

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'minibasi, simukanandimva. Uthenga wanu ndaumva: magetsi anathima kompyuta ili chiyakire, ndiye pano Thunderbird, pulogalamu yanu ya maimelo ija, ikukana kutseguka, ikunena kuti ndi yotsegula kale, ndipo tsiku lomwe inalola munapeza Inbox ili pululu. Mtima m'malo. Chonde musapite nayo kwa anyamata aja amangothamangira kufomata, makalata a kwaya onse aja angapite ulendo wosabwerera.

Nkhani yake ili chonchi. Thunderbird imasunga zinthu zake mu foda ina yotchedwa AppData, imene Windows imaibisa dala kuti anthu tisamaigwiregwire. M'menemo muli kafayilo kotchedwa parent.lock. Kali ngati loko wa pachitseko, kamauza pulogalamu kuti muno muli munthu kale. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi nthawi zina lokoyo amatsala ali chitsekere, m'nyumba mulibe aliyense.

Ndiye choyamba, zimitsani kompyutayo bwinobwino ndi kuiyatsanso. Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Ikakanabe, dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows lija limodzi ndi R, pabwera kabokosi. Mulembemo %APPDATA%, eya, chizindikiro cha peresenti kumayambiriro ndi kumapeto. Mukalowa muona foda ya Thunderbird, m'kati mwake Profiles, m'kati mwakenso foda ya dzina losamveka, zilembo zongosakanikirana. Ndi yomweyo. Musanakhudze kanthu, ikopereni yonse pa fulashi. Ndikubwerezanso amalume, kukopa kaye. Kenako fufutani parent.lock, ndi kopanda vuto, pulogalamu imapanganso kena yokha.

Tsopano za Inbox yopanda kanthuyo, apa mumvetsere bwino, mwina muimitse kaye wailesi. Mu foda yomweyo muli ina yolembedwa Mail kapena ImapMail. Mukatsegula mupezamo foda ya adiresi yanu, ndipo m'menemo mafayilo awiri ofanana mayina: ina Inbox basi, ina Inbox.msf. Ya Inbox basiyo ndiye nkhokwe, makalata anu onse ali mmenemo, n'chifukwa chake ndi yaikulu. Ya msf ndi kaundula chabe, ngati buku lija mumalembamo mayina a anthu a ku mpingo. Buku likanyowa ndi mvula anthu ake sanafe, mumangolembanso lina. Magetsi aja anasokoneza kaundulayo, n'chifukwa chake pulogalamu ikuona ngati mulibe kalikonse.

Njira yosavuta n'kusagwira mafayilowo ndi dzanja. Thunderbird ikatseguka, ikani kamuvi pa Inbox, dinani batani la kumanja la mausi, sankhani Properties, kenako Repair Folder. Muisiye iwerenge, makalata akakhala ambiri imatenga kanthawi. Zikakanika ndi pamene mungatseke pulogalamuyo n'kufufuta Inbox.msf yokhayo. Yokhayo, amalume. Ine ndinalakwitsapo pa kompyuta yanga yakale, ndinafufuta yaikuluyo poganiza kuti ikungodya malo. Thukuta linatuluka ngakhale kunali kozizira kwa mu June, mwayi ndinakaipeza mu Recycle Bin.

Chinanso, ngati makalata anu ali mu ImapMail ndiye kuti alinso pa intaneti, mutha kuwaona pa foni. Koma akakhala mu Mail, n'kutheka kuti ali pa kompyuta yokhayo, ndiye fulashi ija si nkhani yoseweretsa.

Mukafika pa foda imene muli Inbox ndi Inbox.msf, mujambule sikirini ndi foni munditumizire kuno ku gulu musanafufute chilichonse, ndione kukula kwa mafayilo awiriwo. Ndikhala pa foni mpaka cha m'ma 9 usiku. Azakhali muwapatse moni, muwauze kuti mtedza uja ndinalandira.