Mwafunsa za nyimbo: Ben E. King ndi kayimbidwe ka anthu asanu opanda chida

Akonzi, pa ukwati wina kuno ku Ulónguè anayika nyimbo ya Stand by Me, ndipo akuluakulu ena ankati mwini wake, Ben E. King, anayambira ku doo-wop. Kodi anali ndani, nanga doo-wop ndiye chiyani? Ine wowerenga wa ku Angónia.

Doo-wop ndi kayimbidwe ka achinyamata achikuda a m'mizinda ya ku America monga New York, Philadelphia ndi Chicago, kamene kanafika pachimake m'zaka za m'ma 1950. Ndalama zogulira zida analibe, choncho ntchito ya zida ankayigwira ndi pakamwa: mmodzi kutsogolera, ena kuvomera pansipansi. Ankayimbira m'mphepete mwa msewu ndi m'makonde a nyumba zazitali momwe mawu amamveka bwino.

King anabadwa mu 1938 ku Henderson, North Carolina, dzina lake lenileni ndi Benjamin Earl Nelson, ndipo anakulira ku Harlem. Mu 1958 ankayimba m'gulu la Five Crowns. Chaka chomwecho George Treadwell, mwini dzina la gulu la The Drifters, anachotsa oyimba ake onse n'kutenga a Five Crowns kuti avale dzinalo. King anatsogolera There Goes My Baby mu 1959, nyimbo imene anapeka nawo, kenako Save the Last Dance for Me imene inafika pa nambala 1 mu 1960. Koma oyimbawo anali olembedwa ntchito chabe, olandira malipiro a pa sabata, mbale zigulidwe zambiri kapena zochepa. King atapempha kuti amuwonjezere malipiro n'kukanidwa, anachoka mu 1960 n'kuyamba kuyimba payekha. Stand by Me inatuluka mu 1961, ndipo muzu wake ndi nyimbo ya kutchalitchi. Kayimbidwe kotchedwa soul ndi zimenezo basi: mawu a mu kwaya atalowa m'nyimbo za chikondi. Anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 76.

Akonzi, tilipo anyamata asanu a mu kwaya ku Furancungo. Tikufuna kuyimba chonchi koma tilibe gitala kapena kiyibodi. Tikayamba zimakoma, pofika pakati aliyense ali kwake. Tikulakwitsa pati?

Achimwene, nambala yanu ndi yokwana ndendende: wotsogolera, tenala woyamba, tenala wachiwiri, baritoni ndi besi. Nyimbo zambiri za mtunduwu zimayenda pa makodi anayi okha obwerezabwereza (kodi ndi manoti angapo omveka pamodzi). Mu kiyi ya C ndi C, Am, F, G.

Poti ndinu a kwaya, tigwiritse ntchito do-re-mi. Besi ayambe pa do, atsikire pa la, atsikenso pa fa, n'kukwera pang'ono pa so. Baritoni ayimbe so, la, la, so. Tenala wachiwiri do, do, do, ti. Tenala woyamba mi, mi, fa, re. Taonani kuti atatu apakatiwa sakuyenda mtunda, wina akungokhala pa noti imodzi makodi atatu. Apa ndi pamene magulu ambiri amagwera, chifukwa tenala amatopa n'kukhala malo amodzi, n'kuyamba kutsatira wotsogolera. Akatero kodiyo yabooka, ndipo baritoni amasowa potsamira.

Yambani ndi besi yekha, azungulire kanayi, kodi iliyonse mukuwerenga mpaka 4, wina akuwomba zala pa 2 ndi pa 4. Onjezani baritoni, kenako matenala mmodzimmodzi, onse pa "uu" milomo itasongoka. Wotsogolera alowe komalizira, ndipo sabata yoyamba angokhala chete n'kumamvetsera. Besi ali ngati mafuwa, akapendekeka mphika wonse wapita, ndiye mpatseni nthawi yochuluka kuposa ena onse. Ngati fa wapansi akumuvuta, musamukakamize, kwezani nyimbo yonse ipite mu D.

Zosokonekera pakatizo, kawirikawiri ndi kutsika kwa mawu. Amayambitsa ndi tenala wachiwiri pa ti uja: amamuyimba motsikirapo pang'ono, ena n'kumutsatira, pozungulira kasanu ndi katatu nyimbo yatsika theka la sitepe. Muuzeni amuyimbe ti ali pafupi kwambiri ndi do. Ikani pulogalamu ya piyano pa foni, imbani C musanayambe ndi mukamaliza, mudzadzimvera nokha pamene mwathera. Chachiwiri ndi mpweya. Mukapumira limodzi nonse pamakhala dzenje, choncho gawanani: baritoni apume pa kodi yachiwiri, matenala pa yachitatu. Chachitatu, ovomera kufuula. Ngati simukumva mawu a wotsogolera bwinobwino, ndiye kuti mwakweza.

Pojambula ndi foni, imani mozungulira theka, foni ili pa msinkhu wa chifuwa. Besi ayandikire pafupifupi masentimita 30, wotsogolera theka la mita, matenala mita yathunthu, chifukwa foni imameza mawu apansi n'kukuza apamwamba. Kalasi yopanda anthu ndi yabwino, koma ngati ili ya malata pewani masana dzuwa likaswa mtengo, malata amathetheka ndipo foni imatola zonsezo. M'miyezi yozizira ya June ndi July, ng'ung'udzani kaye mphindi 10 musanatsegule pakamwa.

Akonzi, mwana wanga wapeka nyimbo, mawu ndi chuni chomwe. Mwini situdiyo ina kuno ku Moatize wangowonjezera besi ndi ng'oma, koma akuti dzina lake lilembedwe ngati wopeka nawo. Kodi si kuba kumeneku? Ine mayi wodandaula.

Mayi, mwina ndi kuba, mwina ayi. Pa Stand by Me analembedwa anthu atatu: King, Jerry Leiber ndi Mike Stoller. Stoller ndiye anapanga kayendedwe ka besi kamene munthu amazindikirira nyimboyo woyimba asanatsegule pakamwa. Malinga ndi Stoller mwini wake, King anatenga theka, awiriwo n'kugawana theka linalo. Ndiye ngati besi ya mwini situdiyo ndi imene anthu amang'ung'udza akachoka, ali ndi mfundo. Ngati wangoika ng'oma za mu kompyuta pansi pa nyimbo yatha kale, ndipo mwamulipira ndalama yojambulira, ife tikuona kuti gawo la wopeka alibe.

Musapeputse nkhaniyi poti lero nyimboyo sikubweretsa ngakhale metikali imodzi. Ya King inabwerera pa nyimbo khumi zapamwamba ku America mu 1986 chifukwa cha filimu, ndipo mu 1987 inafika pa nambala 1 ku Britain itamveka pa malonda a jinzi za Levi's, patapita zaka 26. Ndalama za wopeka zinkamupezabe chifukwa dzina lake linali papepala.

Dziwaninso kuti umwini uli pawiri: wa nyimbo yopekayo, ndi wa chojambulidwacho. Mwana wanu ndi mwini situdiyo alembe pepala nyimbo isanapite ku wailesi kapena pa WhatsApp. Palembedwe mutu wa nyimbo, tsiku, mayina monga alili pa BI (chiphaso cha unzika), amene wapeka mawu, amene wapeka chuni, gawo la aliyense pa 100, ndi mwini wa chojambulidwa. Asayine onse pamaso pa mboni ziwiri, aliyense asunge lake. Kenako akalembetse nyimboyo ku SOMAS, bungwe la opeka kuno ku Mozambique, ndipo asunge pa memori khadi mawu amene anajambula yekha pa foni asanapite ku situdiyo.