Baldur's Gate: kodi ndingolumphira pa yachiwiri?

Achimwene, mwafunsa ngati mungayambire pa gemu ya pakompyuta ya Baldur's Gate II osasewera yoyamba, poti ambiri akuti yachiwiriyo ndiye yabwino ndipo nthawi muli nayo yochepa. Akutero sakunama. Komabe ine ndikuti muyambe yoyamba, ngakhale ili yotopetsa malo ena.

Magemu onse awiri anapangidwa ndi BioWare ya ku Edmonton, ku Canada. Yoyamba inatuluka kumapeto kwa 1998 ili pa ma CD asanu, yachiwiri, yotchedwa Shadows of Amn, n'kubwera mu 2000. Malamulo ake ndi amodzimodzi, a AD&D, kutanthauza Advanced Dungeons & Dragons, aja oti THAC0 (nambala ya luso lanu pomenya mdani) ndi Armor Class (nambala ya chitetezo chanu) zikamatsika m'pamene zinthu zikukuyenderani. Izi zimasokoneza mutu sabata yoyamba, kenako mumazolowera.

Kusiyana kwenikweni kuli pa munthu amene mumayamba naye. Mu yoyamba mumatuluka m'linga la Candlekeep muli mwana wosadziwa kanthu, pa level 1, ndipo Gorion amene anakulerani amaphedwa usiku womwewo. Mukasankha wamatsenga mumakhala ndi ma hit point (nambala ya moyo wanu) ngati anayi okha. Mmbulu umodzi wa m'tchire utha kukuphani. Pa masitepe a nyumba ya alendo ya Friendly Arm Inn pali Tarnesh, wamatsenga wotumidwa kuti akupheni, amene wagwetsa anthu ambiri asanamvetse n'komwe kuti gemuyi imayenda bwanji. Ine anandipha kanayi, mpaka ndinaphunzira kumukokera kwa alonda. Pamenepo m'pamene mumadziwa kuti uta ndi mivi n'zofunika kuposa lupanga, komanso kuti kuthawa si manyazi.

Nkhaninso imayamba pang'onopang'ono. Poyamba vuto ndi chitsulo chabe: malupanga akuthyoka m'manja, ku mgodi wa Nashkel kuli zachilendo, m'misewu muli achifwamba. Mumayenda tchire ndi tchire, mapu ena mulibe kanthu koma zimbalangondo ndi munthu mmodzi wolankhula zopanda mutu. Mumzinda wa Baldur's Gate weniweniwo simulowa mpaka chaputala 5. Ena amati uku n'kutaya nthawi. Kwa ine ulendo wautaliwo ndi umene umachititsa kuti mukamadzakumana ndi Sarevok, mdani wamkulu wa gemuyi, mumve kuti mwachokera kutali.

Pomwe yoyamba imagonja poyera ndi pa anzanu a m'gulu. Alipo ochuluka, pafupifupi 25, koma ambiri akangolowa m'gulu amangoponya mawu amodzimodzi ulendo wonse. Mu yachiwiri ndi ochepa koma ndi anthu ndithu: amakangana, amakupemphani kuti muwathandize pa mavuto a kwawo, ena mpaka chibwenzi, monga Jaheira, Aerie, Viconia ndi Anomen. Jon Irenicus, mdani wamkulu wa yachiwiri, amene mawu ake analankhula ndi David Warner, amamuposa Sarevok kutali. Sarevok mumangomumvera mbiri nthawi yaitali, pomwe Irenicus amayamba kukuzunzani gemu ikangotseguka.

Ndiye mu yachiwirimo muli chaputala 2 cha mumzinda wa Athkatla. Gaelan Bayle amakuuzani kuti mupeze golide 20,000 kuti akuthandizeni kulondola Imoen, mnzanu wa paubwana amene wagwidwa, basi n'kukusiyani. Kulikonse kumene mungaponde kuli ntchito yaikulu: linga la de'Arnise, Planar Sphere, Umar Hills, chinjoka Firkraag. Ndinakhala milungu ingapo pamenepo mpaka kuiwala kuti Imoen ali m'ndende. Samalani, mumzindawu kuponya matsenga pamsewu n'koletsedwa, ma Cowled Wizard, amatsenga olondera lamuloli, amatulukira pomwepo pokhapokha mutagula chilolezo cha golide 5,000.

Koma taonani vuto la kulumpha. Yachiwiri imakuyambitsani cha m'ma level 7 kapena 8, ndipo imaganiza kuti malamulo mukuwadziwa kale. Ndewu za amatsenga kumeneko ndi zovulana zodzitetezera: mdani wavala Stoneskin ndi zina pamwamba pake, inu muyenera kudziwa kuti Breach imachotsa chiyani ndipo sichotsa chiyani. Munthu amene sanaponyepo Sleep pa gulu la tizilombo totchedwa kobold ku Nashkel amangoona mndandanda wa matsenga wautali, mutu n'kuzungulira. Chinanso, m'ndende ya Irenicus mumapezamo Minsc ndi Jaheira, anzanu ochokera mu yoyamba, ndipo zimene zachitikira anzawo awiri zimapweteka pokhapokha ngati munayenda nawo kale. Sinditchula zambiri, ndingakuwonongereni. Ngakhale chinsinsi chachikulu cha yoyamba, chakuti ndinu mwana wa yani, yachiwiri imachiulula m'mphindi zoyambirira.

Mukamagula tengani ma Enhanced Edition a Beamdog, yoyamba ya 2012 ndi yachiwiri ya 2013. Amayenda bwinobwino pa laputopu yakale, ndipo muli kale zigawo zowonjezera za Tales of the Sword Coast ndi Throne of Bhaal. Siege of Dragonspear ya 2016, chigawo chowonjezera cholumikiza nkhani ziwirizi, mutha kuidumpha ulendo uno. Ngati nthawi yathina, mu yoyamba tsatani nkhani yaikulu: Nashkel, msasa wa achifwamba, Cloakwood, kenako mumzinda. Durlag's Tower ndi yabwino kwambiri koma ndi yodzaza misampha, musapiteko opanda wakuba wodziwa kuitchola. Mukamaliza, munthu wanu yemweyo mumamusamutsira mu yachiwiri ndi dzina lake ndi mphamvu zake.

Ndipo muzisunga gemu pafupipafupi, batani lake ndi Q. Makamaka musanakwere masitepe aja a Friendly Arm Inn.