Ndaphunzira za bizinesi ku Bunda: ndiyambe kuweta nkhuku?

Funso: Ndili chaka chachitatu ku LUANAR, ku Bunda. Phunziro la entrepreneurship ndinakhoza bwino, pulani ya bizinesi ndinalemba. Panopa mtima uli pa nkhuku za nyama, koma makolo akuti nditsirize kaye sukulu n'kupeza ntchito. Kodi chidwi changachi n'chenicheni, kapena n'kutengeka ndi za m'kalasi?

Yankho: Katswiri wa za khalidwe la anthu, Icek Ajzen, anafotokoza mu 1991 kuti munthu amatsimikiza mtima kuchita chinthu akamachiona kuti n'chabwino, omuzungulira akamachivomereza, komanso akamadziona kuti angachithe. Kalasi yakupatsani choyambacho. Chachiwiri chatsamwa pa makolo anu. Chachitatu sichibwera ndi magiredi, chimabwera mukagulitsa kanthu ndalama n'kuigwira m'manja. Ndiye dziyeseni pang'ono pa tchuthi chachitali.

Yambani ndi anapiye 50 basi. Nkhuku za nyama zimafika pogulitsa pakatha masabata 6, ndipo iliyonse imadya chakudya pafupifupi makilogalamu 4 pa masabata onsewo. Apa ndiye kuti matumba 4 a makilogalamu 50, kuyambira chakudya cha anapiye (starter), chokulitsa (grower) mpaka chonenepetsa (finisher). Ndalama ya matumba onsewo ikhale ilipo anapiye asanafike, chifukwa chakudya chikatha sabata yachinayi, nkhuku zimapinimbira ndipo sizibwereranso msanga. Masabata awiri oyamba zimafuna kutentha: mbaula ya makala, utuchi wouma pansi, ndi mpweya wolowa bwino. Mukaona anapiye aunjikana pakona akulira, akuzizidwa, ndipo apansiwo amafa chotsamwitsidwa. Katemera wa chitopa ndi gumboro musamudumphe. Powerengera phindu, chotsanipo nkhuku ziwiri kapena zitatu zakufa.

Koma chimene chimagwetsa ophunzira ambiri ndi msika. Pa pulani munalemba kuti "anthu a mu Lilongwe amakonda nkhuku", aphunzitsi n'kuchonga. Tsiku logulitsa, anthu a mu Lilongwewo saoneka. Nkhuku ikadutsa masabata 6 imangodya phindu lanu tsiku ndi tsiku. Pofika sabata yachitatu mukhale mutayenda m'malo odyera ku Mitundu, ku Area 36 kapena ku Biwi, mutagwirizana mtengo ndi tsiku lodzatenga. Anzanu a "ndikupatsa mwezi ukatha" muwauze mwaulemu kuti ngongole kulibe.

Ndalama ya nkhuku ikhale payokha, pa Airtel Money kapena Mpamba, osaisakaniza ndi ya ndiwo. Gulani kope, muzilembamo chilichonse, ngakhale ya kabaza yonyamulira thumba ndi ya makala. Tindalama timeneti n'timene pulani ya m'kalasi imaiwala.

Za ngongole ya ku mabungwe obwereketsa ndalama kapena kubanki, dikirani mugulitse kawiri kapena katatu. Katapila ndiye musayerekeze. Mukafuna kugulitsa kumahotela kapena kusukulu, m'pamene mudzafunike kulembetsa dzina la bizinesi kuboma, kutenga nambala yolipirira msonkho ku MRA ndi chiphaso kukhonsolo ya mzinda.

Makolo anuwo sakulakwa pa za kutsiriza sukulu, digiriyo itsirizeni ndithu. Musalimbane nawo ndi mawu. Apempheni kakhola kuseri kwa nyumba, ndipo tchuthi chikamatha muwaonetse kopelo: zimene munagula, zimene zinafa, ndi ndalama imene yatsala.