Yamba ndi Kayira, kenako ubwere kwa Nthondo

Halo mwanangu, ndi azakhali ako. Ndaona funso lako m'gulu muno, lija wati wamaliza buku la William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi, ndipo ukufuna lina loti uziwerenga m'takisi popita ku ntchito, komanso wafunsa kuti ineyo ndikuwerenga chiyani masiku ano. Kulemba pafoni maso sandilola, ndiye ndingolankhula. Enanu m'gulumu mundikhululukire, uthengawu utalika pang'ono.

Ndasangalala kuti buku lija wafika nalo kumapeto. Wanena kuti chimene chakukhudza kwambiri si makina a mphepo aja koma njala ya 2002. Eee, iwe unali wamng'ono, sungakumbuke. Ife tinaiona ndi maso, anthu akupanga mzere kulimbirana gaga, ena kukumba zitsa za nthochi kuti ana agone atalawako kanthu. Zimene analemba mnyamata wa ku Wimbe uja ndi zimene zinachitikadi ku Kasungu ndi madera ena ambiri. Ndiye poti mtima wako wakonda nkhani ya munthu weniweni, usapite kutali. Funafuna buku la Legson Kayira lotchedwa I Will Try. Linatuluka mu 1965.

Kayirayu anali wa kumpoto, cha ku Chitipa uko, mwana wa m'banja losauka kwambiri, ndipo anaphunzira ku Livingstonia. Mu 1958 ananyamuka pamudzi wapansi, opanda nsapato, akuti akupita ku America kukaphunzira. Tangoganiza mwanangu, alibe pasipoti, alibe ndalama, alibe sukulu imene yamuitana. Chimene ananyamula ndi bulangete, kankhwangwa, kamba wa masiku ochepa, Baibulo ndi buku la Pilgrim's Progress. Cholinga chake chinali chokafika ku Cairo kuti akakwere sitima ya pamadzi. Ankayenda, ndalama zikatha n'kuima kugwira ganyu, akapeza pang'ono n'kupitirira. Atafika ku Kampala analowa mu laibulale, n'kupeza buku la mndandanda wa makoleji a ku America, n'kulembera kalata ku Skagit Valley College m'chigawo cha Washington. Anamuyankha kuti abwere. Anapitirira mpaka ku Khartoum, ndipo anthu a m'dera la sukuluyo anasonkherana ndalama za ndege. Anakafika mu 1960, patatha zaka ziwiri chinyamukire kwawo. Pambuyo pake anakaphunziranso ku Cambridge.

Waona kufanana kwake? Kamkwamba anathandizidwa ndi kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale, Kayira anathandizidwa ndi laibulale ya ku Kampala. Koma ine chimene chimandigwira mtima m'buku la Kayira ndi mbali yoyambirira, asananyamuke n'komwe, pamene akufotokoza za amayi ake ndi umphawi wa pakhomo pawo. Sadzimvera chisoni, sakokomeza, amangonena mmene zinalili. Chingerezi chake ndi chosavuta, sufunika dikishonale pambali. Kumapeto kwake, akafika ku America, nkhani imazizira pang'ono, ndinene zoona, koma ukakhala wafika pamenepo wadya kale zonona.

Tsopano za ine. Sabata zapitazi ndakhala ndikuwerenganso Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara. Ili ndiye ndikufuna undimvetsere bwino, chifukwa ndikudziwa kuti ana anu mukamva buku la Chichewa mumaganiza za mayeso basi, kuloweza mayina a ampangankhani ndi kuyankha mafunso. Ayi. Taliwerenga ngati nkhani, wopanda mphunzitsi woima kumbuyo kwako.

A Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo bukuli linatuluka mu 1933. Linapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa umene unkayendetsedwa kuchokera ku London, ndipo chaka chotsatira, mu 1934, Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndiye kuti anthu akunja ankawerenga nkhani ya m'mudzi wa Achewa agogo ako aakazi asanabadwe. Nkhani yake ikutsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira. Bambo ake amwalira iye ali mwana, akula wosamva, wakuba, wovutitsa amayi ake, kenako anyamuka kupita kum'mwera kukafuna ntchito monga ankachitira anyamata a nthawi imeneyo. Abwerako, atembenuka mtima, mpaka adzakhala mfumu ya mudzi.

Ena amati bukuli lili ndi ulaliki wambiri, ndipo n'zoona kuti dzanja la mishoni likuonekamo, makamaka kumapeto. Koma usalitaye chifukwa cha zimenezo. Muli mmene ankalandirira mwana akabadwa, mmene ankalirira maliro, mmene milandu inkakambidwira pabwalo, mmene akuluakulu ankadzudzulira mwana. Ndipo Chichewa chake, mwanangu! Ndikamawerenga ndimamva mawu a amayi anga, mawu ena amene ndinasiya kuwamva kalekale. Usiku wina magetsi atazima ndinawerengera amalume ako mokweza ndi tochi ya pafoni, iwo ali chigonere pampando. Ndinkayesa agona, koma nditaima anati, "Pitirizani, mwasiyiranji pamenepo?" Munthu woti buku saligwira n'komwe kupatula nyuzipepala.

Chifukwa china chimene ndikufunira kuti uliwerenge ndi choti iweyo uli ku Johannesburg. Njira imene wayenda si yatsopano. Agogo ako aamuna anapita ku migodi pa Wenela, anzawo ena anabwerako ndi njinga ndi masutikesi, ena anatchona osabweranso. Ukamawerenga za Nthondo ali kutali ndi kwawo, ukuwerenga za m'banja mwathu momwemuno, ndiponso za iwe mwini. Kayira akuonetsa munthu wopita, Nthara akuonetsa wopita n'kubwerera, ndi zimene amapeza pamudzi akabwerera. N'chifukwa chake ndati uyambe ndi Kayira, Nthondo abwere pambuyo. Ungodziwiratu kuti ukapeza losindikizidwa kale, kalembedwe kake kangakudodometse masamba oyambirira, kali ngati ka m'Buku Lopatulika lakale lija. Werenga mokweza pang'ono, khutu likutsogolera.

Dikira kaye, pali wina pakhomo... Eya, ndabwera, anali mwana wa aneba.

Ndimati ndinene za adzukulu anga awo. Unadandaula tsiku lina kuti Chichewa akumva koma kuyankha akuyankha m'Chingerezi ndi m'Chizulu. Apezere Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Ndi nkhani ya pachibale, nsanje, ndi mbalame imene imaimba kuulula chimene munthu wabisa. Usawapatse kuti awerenge okha, sangathe. Uziwawerengera iweyo madzulo, tsamba limodzi kapena awiri, ndipo pa nyimbo ya mbalameyo uziimba ndithu, iwo azivomera. Ana amagwira chilankhulo ndi nyimbo msanga kuposa ndi kukalipiridwa.

Ukafuna za chikondi ndi mavuto a m'tauni, alipo a Jolly Max Ntaba, Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mtima Sukhuta, aliponso a Willie Zingani, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika. Amenewa ndi aafupi, umamaliza Loweruka limodzi. Smouldering Charcoal la Paul Tiyambe Zeleza ndikudziwa unaliwerenga kusukulu, koma udzalibwereze tsopano pamene wadziwa kugwira ntchito ndi kulipira lendi, udzaona kuti Mchere ndi Nambe a m'bukumo ukuwamva mosiyana ndi kale.

Limodzi lokha ndikuti usathamangire: And Crocodiles Are Hungry at Night la Jack Mapanje, la mu 2011. Akufotokoza mmene anamangidwira mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ndi buku lofunika kwambiri ndipo ndikufuna aliyense m'gulu muno adzaliwerenge, makamaka inu obadwa nthawi ya matipate. Koma si la m'takisi. Limafuna tsiku limene wakhala pansi, mtima uli m'malo. Ine masamba ena ndinkaliika pansi kaye n'kutuluka panja, chifukwa nthawi imeneyo ndinali kale pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo ndikukumbuka mmene tinkatsitsira mawu m'chipinda cha aphunzitsi.

Za kopeza: la Kayira ndi la Mapanje yesa m'mashopu a mabuku konko kapena pa intaneti. A Chichewawa ndi ovutirapo, ine ndifunsa kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe, nthawi zina amakhala nawo. Nthondo usavutike, ndikubwereka langa. Achimwene ako akuti akwera basi yobwera konko mwezi wamawa, ndiwapatsira, ndalikuta kale ndi pepala la khaki chifukwa chikuto chinayamba kuthothoka. Ulisamale ndipo libwerere pa Khirisimasi, mng'ono wako naye akulidikira. Ndipo iwenso unditumizireko limodzi la olemba a konko limene wakonda, la zilembo zikuluzikulu ngati lilipo. Upereke moni kwa bambo a kunyumba ndi ana.